Madalaivala makumi anayi amene anasowa pamzere

Oforiwaa Boakye anayamba ntchito pa depoti ya maminibasi ku Kumasi ali mtsikana, akulemba pabolodi mayina a madalaivala motsata mmene afikira. Lamulo la pamenepo ndi limodzi: wofika kumene amakhala kumapeto, ndipo amapakira anthu nthawi yake ikakwana. Atakula anayamba kuphunzira zolemba mapulogalamu a kompyuta Loweruka lililonse, mpaka analemba yakeyake yosunga mzerewo.

M'pulogalamuyo mayina analumikizana ngati unyolo. Dzina lililonse linkangodziwa chinthu chimodzi: kuloza dzina lotsatira. Latsopano linkakoledwa kumchira basi, ndipo kwa zaka zitatu panalibe ndewu.

Lachiwiri lina anatuluka kukagula mpunga wa nyemba. Pobwerera anapeza khamu pakhomo la ofesi.

"Mwana wa mlongo wanga, kompyuta yakoyi yatimeza!" anakuwa a Amankwa, dalaivala wokalamba. "Ndinafika kusanache, lero ndilibe dzina?"

Pakompyuta panatsala mayina atatu okha. Dzina lachitatu linali la mlamu wa tcheyamani wa bungwe la madalaivala, munthu amene anali atangofika. Oforiwaa anatsegula pulogalamu ija napeza mizere iwiri ya malangizo imene sanalembe iyeyo. Mpunga uja anaukankhira kutali. Pakona panakhala Tuffour, mlembi wa bungwelo, amene Oforiwaa anamuphunzitsa yekha zapakompyuta.

"Tuffour, wandinyansa."

"Aa, achemwali, kanali kagalimoto kamodzi kokha. Abwana ndi amene anati..."

"Ngakhale kuba kumafuna nzeru. Polowetsa dzina pakati, latsopanolo liyambe lagwira la m'mbuyo mwake, kenako la kutsogolo lisiye. Iwe unadula unyolo usanagwire mchira. Anthu makumi anayi agwera m'dzenje chifukwa cha mlamu wa mwiniwake!"

Tcheyamani, a Sarpong, analowa akupukuta thukuta m'khosi.

"Konza msanga, mwana iwe. Koma mlamu wanga umusiye pamene alipo. Ukamusuntha, mawa usabwere."

Oforiwaa anatenga cholembera. Anatuluka ndi pepala, napita kwa dalaivala wachiwiri pamzere.

"Achimwene, anafika pambuyo panu ndani?"

"Ameneyo, wa matayala osalala ngati dazi lakeyo."

Wa daziyo anatukwana, koma analoza a Amankwa. A Amankwa analoza wina. Palibe amene ankadziwa mzere wonse, koma aliyense ankadziwa womutsatira, poti ndi amene amamuyang'anitsitsa kuti asamudumphe. Patatha ola limodzi mayina onse anabwerera m'kompyuta. Dzina la mlamu uja analilemba pomaliza, pa nambala makumi anayi ndi zitatu, a Sarpong akuona.

Mawa lake anapeza loko watsopano pachitseko cha ofesi. Chimene chinamunyansa kwambiri si lokoyo ayi. Madalaivala omwe aja, amene anawabwezera malo awo, anali atazungulira a Sarpong akuseka nthabwala zawo, ndipo atamuona anayang'ana kumbali. A Amankwa okha ndi amene anamuperekeza mpaka kumsewu.

Masiku ano Oforiwaa amaphunzitsa atsikana a sekondale zolemba mapulogalamu, ndipo amawalezera mtima kwambiri akalakwitsa. Akafuna kupita kwawo ku Mampong amakakwerera pa depoti ina, ngakhale ili kutali.