Tsiku Limene Ndinasesa Laputopu ya Alamu

Ndili ndi kashopu pa Mchinji boma, kuseri kwa msika, komwe ndimatayipa makalata, kupanga fotokope ndi kukonza makompyuta. Ndaona anthu amitundumitundu pakhomo limenelo, koma onditopetsa kwambiri ndi aja oti kompyuta anagula dzana, lero akufuna kuphunzitsa ine kagwiridwe kake. Wamkulu wa anthu oterewa anali alamu anga.

Bambowa anakwatira achemwali anga. Achemwaliwo atamwalira tinawasudzula mwamwambo, iwo n'kukakwatira kwina, koma pakamwa panga panazolowera, ndimawatchulabe kuti alamu. Amagwira ntchito kuboda, yolembera madalaivala a matiraki mapepala a katundu. Munthu wake ndi woti tayi savula ngakhale dzuwa la Okutobala liswe mtengo. Laputopu anagula kwa dalaivala wina, ndipo ankainyamula kulikonse m'chikwama chakuda, ngakhale kumaliro, kuti anthu adziwe kuti pafika munthu wa muofesi.

Mu laputopu imeneyo munali chinthu chimodzi chathu. Chaka chomaliza achemwali ali moyo, kwaya yawo ya ku Guilleme inakaimba ku Ludzi, ndipo wotsogolera nyimbo anali iwowo. Alamu anajambula vidiyo pa foni, anaisamutsira mu laputopu, foniyo n'kubedwa pambuyo pake. Zithunzi za achemwali tili nazo zambiri, koma mawu awo anatsala mu vidiyo imeneyo basi. Mayi athu maso anawafooka, zithunzi alibe nazo ntchito. Chomwe ankafuna n'kumvanso mwana wawo akuimba. Zaka ziwiri zathunthu ndinakhala ndikupempha vidiyoyo, ndipo zaka ziwiri zathunthu alamu ankandiyankha kuti andipatsa, kungoti kuboda ntchito yachuluka. Kukopera vidiyo pa flashi n'chinthu cha mphindi ziwiri, koma bwanawo mphindi ziwirizo sanazipeze.

Ndiye chaka china makompyuta ambiri akale anayamba kutulutsa uthenga. Unkati papezeka mpata woti akuba a pa intaneti atha kulowerapo, ndipo kuti mpatawo utsekeke panafunika kufufuta zonse za mu kompyuta n'kuikamo pulogalamu yake yaikulu mwatsopano. Si zachilendo zimenezi kwa ife okonza. Umakopera kaye zinthu za mwini wake pambali, kufufuta, kuikamo yatsopano, kubwezeramo zinthu zija, basi. Koma abale, zomwe ndinamva miyezi imeneyo! Aphunzitsi ena anandifunsa ngati uthengawo ungaiwalike kompyutayo atangoisiya chizimire sabata yonse. Kalaliki wina ankaivundikira ndi chitenje, ati isamamuone. Wina anafika atakwiya ndi ine, ngati kuti uthengawo ndinalemba ndine kuti ndipeze ganyu. Onsewa ndinkawafotokozera mofanana, ndi mawu omwe ndikanauzira mwana wa sitandade wani. Ndinkati zili ngati kutulutsa katundu m'nyumba, kusesa, kuzira pansi, kenako n'kulowetsanso katunduyo. Ankamva, ndipo ine ndinkadziona wanzeru.

Alamu ndiye anaposa onse. Anati uthengawo ndi msampha wa anthu akunja ofuna kuba mapepala a pa boda, ngati kuti dziko lonse silikugona tulo chifukwa cha mapepala awo a matumba a simenti. Anati madalaivala ochokera ku Zambia awatsimikizira kuti ndi bodza. Kakamera ka laputopuyo anakamata ndi pulasitala wa pachilonda. Uthenga ukatuluka ankadina poti uwakumbutse mawa, mawa lake n'kudinanso, mpaka miyezi itatu. Nditawalangiza kuti abwere nayo, anandiseka. Anati ine ndimadziwa kutayipa makalata a ukwati, za makina ndisiyire amuna.

Chinawagwetsa ndi ntchito yawo yomwe. Tsamba la pa intaneti lomwe ankatumizirako mapepala linayamba kukana laputopu yosakonzedwayo, madalaivala n'kuyamba kupita kwa ajenti ena. Loweruka lina m'mawa ndinangoona atulukira pakhomo la shopu, tayi ili m'khosi, chikwama kukhwapa, kumbuyo kwawo kuli mayi akunyumba atsopano aja. Mayiwo ndinali nditawaona kawiri kokha. Anali munthu wofatsa, wosayankhulayankhula, ndipo ndinalibe nawo chifukwa, kungoti ndikawaona ndinkakumbuka amene anali pamalo amenewo kale.

Ndinasangalala, osati chifukwa cha alendowo. Kunali kutatsala masabata awiri kuti timange chiliza cha achemwali kumudzi, ndipo ndinali nditalonjeza kale mayi athu kuti tsiku limenelo adzamva mawu a mwana wawo, zivute zitani. Laputopu inali itabwera yokha m'manja mwanga. Flashi yatsopano ndinali nayo mu dirowa, ndinaigula kalekale kudikira tsiku ngati limeneli.

Alamu sanapemphe ngati munthu wovutika ayi. Anakhala pa mpando wanga weniweni, nandiuza kuti akanatha kukonza okha, kungoti alibe nthawi. Ine ndinawapatsa phunziro langa lija la kusesa ndi kuzira m'nyumba, mwapang'onopang'ono, mwadala, kuti amve kuwawa pamaso pa akazi awo. Anagwedeza mutu, nandifunsa ngati ndi m'nyumba mokha momwe ndisese. Ndinati eya, m'nyumba monse. Funsolo ndinaliona lopusa moti sindinaliganizirenso.

Ndinayamba kukopera. Mapepala a katundu anali mbwee, ena opanda mayina, ena obwerezedwa kasanu. Munali zithunzi za alamu ataima pambali pa matiraki a eni ake, dzanja lili pa chitseko ngati ndi awo. Ndinafufuza foda iliyonse, koma vidiyo ya achemwali sindinaione. Ndinafufuzanso kachiwiri, osaipeza.

Ndinawafunsa mosabisa kuti vidiyo ya ku Ludzi ija ili kuti. Alamu anaponya diso kwa akazi awo, amene anali atakhala pa benchi akuyang'ana panja, kenako anakonza tayi.

"Zimenezo zili pabwino, mlamu. Inu sesani m'nyumbamo."

Ndinafunsanso ngati akutanthauza kuti anaisunga pa flashi kunyumba. Anati wamkulu akanena kuti chinthu chili pabwino ndiye kuti chili pabwino, ndipo iwo sanazolowere kufunsidwa ngati ali kupolisi. Ndinamva kupsa mtima, komabe ndinadzitonthoza kuti bola chinthucho chilipo, ndikachitenga ngakhale pokangana.

Pa kona ya sikirini panali kabini kaja kotayamo zinthu zosafunika, komwe ambiri kuno amangoti kudzala. Kanali kodzaza. Mwa masiku onse ndimafunsa mwini wake ngati muli kanthu, kapena ndimatsegula n'kusuzumira. Tsiku limenelo ndinangokayang'ana n'kutsonya. Ndinati mumtima, taonani, kunja tayi, m'kati uve, munthu wolephera ngakhale kutaya zinyalala zake. Sindinafune kuona nyansi zomwe bambo ngati ameneyu angataye. Ndinadina batani lofufutira zonse.

Ntchitoyo inatenga mpaka masana. Magetsi tsiku limenelo sanathime, ngati kuti nawonso ankafuna kuti zitheke. Alamu anathera nthawi yonseyo kundifotokozera mmene makompyuta amagwirira ntchito, ine ndikungoti eya, eya, maso ali pa sikirini. Akazi awo anatopa, nati akagule tomato ndi usipa kumsika. Nditamaliza ndinabwezeramo mapepala ndi zithunzi za matiraki zija, n'kuwatembenuzira laputopu kuti aone.

Sanayang'ane mapepala. Anasuzumira kaye pakhomo kuona ngati mayi aja akubwera, kenako anapita molunjika pa kabini kaja n'kutsegula. Munali mbee. Anatseka, natsegulanso. Anachita zimenezi katatu.

"Mlamu, kudzala kuja mwakutani?"

"Dzala lake liti?"

"Ili. Vidiyo ya mayi a kunyumba oyamba ndinaisunga umu."

Ndinawafunsa ngati akudziwa kuti chimenecho ndi chotayamo zinyalala. Anati akudziwa bwino lomwe, n'chifukwa chake anasankha mmenemo, poti palibe munthu amene amakafufuza kudzala. Ankaopa kuti akazi awo atsopano akaiona vidiyoyo adandaula, aziti mtima wa bambo udakali kwa malemu. Ndinafunsa za flashi. Anati flashi yake iti, iwo sanatchulepo flashi.

"Munanena nokha kuti mukusesa m'nyumba. Ndinakufunsani. Dzala limakhala panja, munthu akamazira m'nyumba salikhudza."

Ndinafuna kuwatukwana mpaka anthu a mumsika asonkhane. Mawu analipo okonzeka, ambiri ndithu. Munthu wamkulu, wa tayi, kutenga mkazi amene anakhala naye zaka zonse zija, amene anamuphikira ndi kumuchapira matayi omwewo, n'kukamusunga pamodzi ndi zinyalala chifukwa cha mantha. Zaka ziwiri kundiyendetsa, kumana mayi wokalamba mawu a mwana wake, pamene akanangondiitanira pambali n'kundinong'oneza. Koma sindinawatukwane, chifukwa za nyumba ndi kusesa ndinawaphunzitsa ndine, ndipo kabiniko ndinakaona ndi maso angawa kali kodzaza.

Mayi aja anali atabwerera, ataima pakhomo ndi jumbo ya tomato. Sindikudziwa kuti anamva kuyambira pati. Anaika jumboyo pa benchi mwaulemu, nayang'ana ine, osati amuna awo.

"Vidiyo ija ndinkaidziwa, achemwali. Ndinkaionera bambo akapita kokasamba. Ankaimba bwino malemu."

Anati sanakhumudwepo nayo n'kamodzi komwe. Chinkawadabwitsa n'choti bambo amaisungiranji malo oipa chonchija, koma ankaopa kufunsa kuti angaoneke ngati amafufuza zinthu za amuna awo. Aka kanali koyamba kuona alamu atachita manyazi, ndipo sindinasangalale nako ngati mmene ndinkaganizira.

Laputopu ndinaikaniza. Ndinawauza kuti madalaivala awo adikire, ndipo sanatsutse. Masiku anayi ndinatseka shopu masana, ndikuyesa mapulogalamu onse omwe amafukula zinthu zofufutidwa. Vuto linali loti pulogalamu yatsopano ija inali itakhala kale pamwamba pa zakale, kuphatikizapo mapepala ndi zithunzi zomwe ndinabwezeramo ndi manja anga. Zithunzi za alamu ndi matiraki a eni ake zinali bwinobwino, chilichonse. Za vidiyo ndinapeza tizidutswa tokana kutseguka, kupatula kamodzi. Kanalibe chithunzi, kanali mawu okha, otalika ngati kupuma kawiri.

Tsiku la chiliza ndinadikira kuti anthu adye, abalalike. Mayi athu anali atakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba, ndipo nditafika anangotambasula dzanja. Ndinawafotokozera zonse osabisa, za alamu ndi za ine. Nditamaliza anati ndiwaikire kaya n'kochepa bwanji. Ndinaika foni yomwe ndinakoperamo kachidutswako pafupi ndi khutu lawo.

Mumayamba phokoso la anthu m'tchalitchi, mabenchi akusunthidwa. Kenako mawu a alamu, aakulu, pafupi penipeni, akuti, "Tasunthani inu, mukunditchinga, ndikujambula apa." Kumbuyo kwake, patali, mumamveka munthu wamkazi akukoka mpweya, n'kutsegula pakamwa kuyamba liwu loyamba la nyimbo. Lisanathe n'komwe liwulo, kachidutswako kamathera pomwepo.

Mayi anagwira dzanja langa mwamphamvu. Anati ameneyo ndi iye, amakoka mpweya choncho asanayambe, kuyambira ali mwana. Anati ndibwereze. Ndinabwereza kasanu, kakhumi, mpaka batire linatha.

Alamu laputopu yawo ikuyenda bwino, akuba a pa intaneti sangalowemo, ndipo ndamva kuti kuboda amauza anzawo kuti anakonza okha. Ine phunziro la kusesa m'nyumba ndinalisiya, ndipo kabini ka kasitomala aliyense ndimatsegula, kaya mwini wake ndimamunyoza chotani. Ndikapita kumudzi, mayi amandilonjera mwachangu n'kufunsa ngati foni ili ndi moto. Mawu a alamu aja anawaloweza, moti milomo yawo imatsatira. Kuti amve mwana wawo akukoka mpweya kamodzi, amayamba adikira bambo uja amalize kuuza anthu kuti asunthe.