Kugogoda M'khoma la Chipinda cha Amayi

Kodi kudziwa chimene chikuchititsa chinthu kumathandiza chiyani, ngati anthu amene ukuwafotokozera akufunsa funso lina? Funso limeneli linandipeza chaka chimene bambo anga anamwalira, kuseri kwa nyumba yathu kufupi ndi Nsaru, ndipo silinandichokebe.

Bambo anali mphunzitsi wamkulu wa pulayimale ndiponso mkulu wa mpingo. Atapuma pa ntchito anamanga nyumba ya njerwa zootcha m'mudzi wa kwawo, pa malo a mtundu wawo. Amayi kwawo ndi ku Nambuma, choncho m'mudzimo ankakhala pachitengwa, ndipo bambo ali moyo palibe amene anawakumbutsa zimenezo.

Kuseri kwa nyumbayo bambo anamanga chimene iwo ankachitcha giza, ngakhale magetsi anali asanafike m'mudzimo. Nzeruyo anaiona pa esiteti ina ya fodya. Unali mgolo wachitsulo wogonekedwa pa ng'anjo ya njerwa. Madzi ozizira ankatsikiramo kuchokera m'thanki yokhazikidwa pa nsanja, imene tinkaidzaza ndi zidebe za kumjigo. Ukasonkha moto pansi pa mgolo, madzi otentha ankadutsa m'paipi yolowa m'khoma la chipinda chogona, n'kukatulukira pa mpope wa m'bafa. Pamwamba pa mgolo panaimirira paipi ina yopyapyala, yaitali kuposa thanki, yopindika kunsonga, yotulutsira mpweya ndi nthunzi. Zonsezi anapangira amayi, amene mawondo ndi zala zawo zimatupa ndi nyamakazi m'nyengo yozizira.

Bambo anadwala mtima chakumapeto kwa dzinja, ndipo anagonekedwa m'chipatala ku Lilongwe. Ataona kuti sakupezako bwino, anapempha kuti awabweze kumudzi. Amayi anakana, poyembekezera kuti mankhwala agwira ntchito. Bambo anamwalirira m'wodi. Azakhali, mlongo wawo wa bambo, analipo pamene pempholo linkanenedwa, ndipo sanaliiwale.

Maliro atatha, abale a bambo ananena poyera kuti amayi akhalebe m'nyumbamo. Ine ndinabwerera kuntchito m'tauni. Kuzizira kwa Juni kutayamba, amayi anandiimbira foni. Analankhula za mtedza umene unali usanakumbidwe, za nkhuku zimene zinafa ndi chitopa, kenaka mawu awo anatsika.

"M'khoma muno mukugogoda, mwana wanga. Kumutu kwa bedi, mbali imene ankagona bambo ako. Azakhali ako amva okha ndi makutu awo. Aitanitsa msonkhano Loweruka. Akufuna kundisudzula."

Kusudzula mkazi wamasiye ndiko kumumasula kuti abwerere kwawo. Mawuwo ndi aulemu, koma kwa mayi amene wakhala m'mudzi umodzi zaka zambiri, amatanthauza kusiya nyumba, munda, mpingo ndi manda a mwamuna wake.

Ndinafika Lachisanu madzulo, dzuwa lisanalowe. Ndinapempha amayi kuti asonkhe moto pansi pa mgolo monga ankachitira masiku ozizirawo, ine n'kukakhala pa bedi kumvetsera. Kwa nthawi ndithu kunali zii. Kenaka m'khoma munayamba kuphwaphwata ngati m'mimba mwa munthu wanjala. Patapita kanthawi kunamveka kugunda kwamphamvu, kwa chitsulo, kotsatizana, kenaka kupuma, kenaka kugundanso. Ndiyenera kunena zoona: kunali kofanana kwambiri ndi kugogoda kwa munthu amene akufuna kumutsegulira.

Poyamba ndinaganiza za laimu. Madzi a mjigo wathu amasiya nkhoko zoyera pansi pa ketulo, ndipo mgolo wokhala ndi zimenezo umalira ukatentha. Koma kulira kwake kumakhala kong'ung'udza mosalekeza, ndipo kumamveka pa mgolo penipeni, osati m'khoma. Ndinalowa m'bafa n'kutsegula mpope. Unatsokomola, unalavula madzi pang'ono, unapuma, n'kutsokomolanso nthunzi. M'mapaipi munali mpweya. Ndinatuluka panja n'kuyang'ana nsonga ya paipi yoimirira ija. Mgolo unali wotentha kwambiri, koma kunsongako sikunkatuluka kanthu. M'malo mwake thanki ya madzi ozizira inali yofunda ukaigwira, ndipo munkabwata thovu. Nthunzi inkasowa kotulukira, n'kumakankha madzi kubwerera kumene achokera. Ndinafumula nkhuni zonse msanga, chifukwa mgolo wotere ungathe kuphulika.

"Paipi iyo yatsekeka, ndipo mgolo ungaphulike," ndinawauza amayi. "Mawa ndikabwereka makwerero kutchalitchi."

Anayang'ana m'mwamba, kenaka anayang'ana ine. "Bambo ako anandipempha ndiwabweretse kuno," anatero, n'kulowa m'nyumba.

M'mawa mwake ndinapita kukatenga makwerero. Mlonda wa kutchalitchi anali atapita kudimba ndi makiyi, choncho ndinachedwa kubwerako. Nditakwera, ndinapeza kuti kukamwa kwa paipi kunali kokhomeredwa chitsononkho, chomangidwa mwamphamvu ndi lamba wa chubu cha njinga. Chinali chitatupa ndi chinyezi, moti ndinachita kuchizula ndi pulayazi. Ndinadzaza thanki, ndinatsegula mpope wa m'bafa mpaka madzi anayamba kutuluka osatsokomola, n'kusonkhanso moto.

Abale anasonkhana pakhonde chakumasana. Atate aang'ono, mng'ono wawo wa bambo, anakhala pa mpando. Azakhali ndi amayi anakhala pa mkeka. Titapemphera, ndinapempha kulankhula, ndipo ndinaika chitsononkho chija pakati.

Azakhali anachitola, nachitembenuza. "Ichi ndinaikamo ndine," anatero, osachita manyazi ngakhale pang'ono. "Tsiku la maliro chipaipi chanucho chinkalavulira madzi otentha amayi a mumpingo amene ankaphika kuseri. Mmodzi anapsa paphewa. Ndinatuma mkamwini wanga akwere pa nsanja atseke. Kodi ndinalakwa?"

"Simunalakwe, azakhali. Koma chimenechi ndicho chikugogoda. Mpweya ndi nthunzi zikusowa potulukira."

"Chitsononkho chikugogoda," anatero azakhali, akutembenukira kwa atate aang'ono. "Mwamva, achimwene? Sukulu yonse ija ya ku yunivesite, atibweretsera chitsononkho."

Atate aang'ono sanaseke. Ndi munthu wofatsa, woimba kwaya, ndipo mawu oti mzimu sanawatchule tsiku lonselo. "Mwana wanga, zimene ukunenazo sitikukana. Koma chinthuchi chinatsekedwa pa maliro. Miyezi yonseyi kunali chete. Bwanji chayamba tsopano?"

"Chifukwa miyezi yonseyi amayi sanasonkhepo moto. Kunja kunali kofunda, ndipo analibe mtima wa zimenezo. Ayamba kusonkha kuzizira kutabwera."

"Nanga bwanji kumutu kwa bedi?"

"Paipi imadutsa pamenepo. Anaidutsitsa ndi bambo."

"Eya," anatero azakhali. "Anaidutsitsa okha, eti? Ndiye akudziwa pogogoda."

Ndinawapempha kuti tilowe m'chipinda timvetsere. Moto unali ukuyaka kwa nthawi yokwanira. Tinaimirira mozungulira bedi, anthu akuluakulu, maso ali pa khoma. Pawindo tinkaona kanthunzi kakutuluka kunsonga kwa paipi. M'khoma simunamveke kanthu. Tinadikira mpaka atate aang'ono anayamba kusinthasintha miyendo, ndipo ine ndinaganiza kuti nkhani yatha.

"Mwaonatu," anatero azakhali motsitsa mawu. "Alamu angovomera m'mawa uno, basi malemu achimwene agona."

Sindinamvetse. Ndinayang'ana amayi. Iwo ankayang'ana pansi.

Atate aang'ono ndi amene anandifotokozera. Pamene ine ndinali kutchalitchi kudikira makiyi, amayi anapita okha kunyumba kwa azakhali, n'kukanena kuti safuna milandu, abwerera ku Nambuma akangokumba mtedza. Choncho zinthu ziwiri zinachitika m'mawa umodzi: ine ndinazula chitsononkho, amayi anavomera kuchoka. Khoma linakhala chete pambuyo pa zonse ziwiri.

Panali njira imodzi yolekanitsira ziwirizi, ndipo ndinainena. Ndinati ndibwezeretse chitsononkho, moto uyakebe. Kugogoda kuyambiranso ngakhale amayi avomera kale.

"Iwe ukufuna kudzutsanso bambo ako kuti upambane mtsutso?" anafunsa atate aang'ono.

"Wanena wekha dzulo kuti mgolo ungaphulike," anatero amayi. Anali mawu awo oyamba pa msonkhanowo. "Usakwerenso pamenepo."

Sindinakwere. Atate aang'ono anatseka ndi pemphero lothokoza chifukwa cha mtendere m'banja.

Anthu atabalalika, ndinapeza amayi m'bafa akuviika manja m'beseni la madzi otentha. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandidikire.

"Ukanachotsa phokoso, mwana wanga. Azakhali ako akanachoka nalo?" Anatembenuza manja m'madzimo. "Mawa kukanalira denga, mkuja chitseko. Aliyense wodutsa pano amachepetsa liwiro, kutchera khutu."

"Koma inuyo, amayi, mukukhulupirira kuti anali bambo?"

"Tandipatsira thaulo," anatero.

Ndalingalira za tsikuli kambirimbiri. Zimene ndinapeza m'paipi zinali zoona, ndipo ndikanapitanso lero ndikanapeza zomwezo. Koma azakhali sankafunsa za nthunzi. Ankafuna kuti wina ayankhe chifukwa chake mlongo wawo anafera pakati pa alendo atapempha kufera kwawo, ndipo pa funso limenelo ine ndinalibe chonena. Mwina amayi nawonso ankadzifunsa zomwezo pamene ankakhala pa bedi lija, moto uli kuseri.

Mtedza utakumbidwa, ndinapeza galimoto ya matola n'kunyamula katundu wawo. Tsopano amakhala ndi mng'ono wawo ku Nambuma, m'kanyumba ka zipinda ziwiri, ndipo madzi osamba amatenthetsa m'chidebe pa mafuwa. M'nyumba ya ku Nsaru munalowa mwana wa atate aang'ono ndi banja lake. Palibe amene anakangana, ndipo pa Khirisimasi timaimbirana foni.

Manda a bambo alibe chiliza mpaka lero. Kuti chimangidwe, abale a mbali zonse ziwiri ayenera kukhala pamodzi, ndipo amayi ayenera kugona m'mudzimo. Atate aang'ono akuti khomo n'lotsegula. Amayi akuti mawondo awo sangapirire ulendowo chaka chino.