Ennie Makwinja ndi Chipinda cha Ana Alendo

Ennie Makwinja anabwera ku Kasungu pa lole kuchokera ku Phalombe, mwana ali kumsana. Iye ndi amuna ake a Grey analowa utenanti pa esiteti ina ya fodya kufupi ndi Lukwa, ndipo akadali pomwepo. Amadziwika ndi manja achangu posoka fodya m'chigafa, komanso ndi pakamwa posabisa mawu.

Mwana wake woyamba, Levison, analekera sukulu panjira. Anzake ankamuseka kalankhulidwe kake kakummwera, ndipo nyengo yothyola fodya ikafika ankajomba kuti athandize kumunda. Pobwerera ankapeza anzake ali kutali, mphunzitsi osamufunsa n'komwe. Ennie anangoti ndi mmene zimakhalira ndi ana a matenanti.

Chaka china kumsika kunafika mabanja angapo othawa nkhondo ku Congo. Ana awo sankamva Chichewa. Posakhalitsa bungwe lina linabwera pasukulu ya m'deralo, linapenta chipinda chimodzi, n'kuikamo madesiki ndi zithunzi. Linaphunzitsanso a Lefina Banda, mphunzitsi wa makalasi ang'onoang'ono, kalandiridwe ka ana otere. M'mawa anawo ankaphunzira pamodzi ndi anzawo, aliyense ali ndi mnzake womumasulira. Masana ankatsalira m'chipindamo kuti awapeze anzawo pamaphunziro.

Ennie anachiona chipindacho tsiku limene anapita kukaphika phala la ana. Anaima pakhomo, mthiko uli m'manja, mtima ukumuwawa.

"Levison wanga ankakhala pafumbi," anauza Vailet, mnzake wophika naye. "Ifenso tinabwera ngati alendo. Ndani anatipentera khoma?"

"Ajatu anathawa mfuti, mayi," anatero Vailet. "Inu munathawa njala."

"Njala siipha?"

Zinamukulira pamene a Lefina anasankha Olive, mwana wamkazi wa Ennie, kuti akhale womasulira wa mtsikana wa ku Congo dzina lake Neema. Olive anayamba kufika mochedwa kunyumba, akuthokoza m'Chiswahili akapatsidwa madzi. Tsiku lina anabwera tsitsi litalukidwa mizere yowongoka ngati ya pa nazale.

"Andiluka ndi amayi a Neema," anatero akuzungulira kuti amuone. "Manja awo ndi ofewa, ndipo amaimba poluka."

Ennie anayang'ana zala zake zodetsedwa ndi utomoni wa fodya. Anamukhazika mwanayo pamphasa n'kumasula tsitsi lonse, akuti akufuna kuona ngati mulibe nsabwe. Munalibe. Olive analira mpaka kugona osadya.

Pamsonkhano wa makolo Ennie anaimirira asanamuloze.

"A hedi, ndifunse. Mwana amakhala mlendo pokhapokha akawoloka malire? Athuwa amajomba chifukwa cha fodya, akabwerera palibe amene amawadikira. Koma mwana wanga yemweyo ndiye mwamusandutsa ndodo yoyendera ana a eni."

Matenanti anzake anaomba m'manja. Ena anang'ung'udza kuti ndi nsanje chabe. A hedi anayang'ana a Lefina, ndipo a Lefina anayankha modekha.

"Mayi Makwinja, mwanena zoona. Chipindacho chinabwera chifukwa cha ana othawa kwawo, koma madesiki ena amangokhala. Wotsalira aliyense azibwera masana."

Teremu yotsatira ana a matenanti anayamba kulowa m'chipindamo. Anthu pa esiteti ankamuyamikira Ennie, koma iye sanakondwe kwenikweni. Ankati zikanatheka kalekale pakanakhala wofuna.

Amayi a Neema, a Furaha, anayesa kumuyandikira. Anamupeza pamjigo n'kumuuza m'Chichewa chawo chothyokathyoka kuti Olive ndi mwana wa mtima wabwino. Ennie anati zikomo, n'kusenza ndowa yake isanadzaze. Phala amamugawira Neema mofanana ndi wina aliyense, sanamumanepo. Koma Olive akati akupita kwa mnzakeyo, ntchito imapezeka pompo: mbale, nkhuni, kapena kutola masamba a fodya ogwa m'chigafa.

Tsiku lotsekera sukulu chaka chathachi, a hedi anaitana Olive kuti wakhala nambala wani m'kalasi mwake. Ennie asanatsegule pakamwa, nthungululu inamveka kumbuyo. Anali a Furaha, ataimirira, akukupiza chitenje. Ennie anadzuka, analulutira mokweza kuposa iwo mpaka mawu anasasa. Atatha anamugwira Olive padzanja, n'kubwerera kunyumba kudzera njira ya m'minda, yosadutsa kumsika kumene amakhala a Furaha.