Madzi a Munda wa Kumapeto

Otilia Fombe ndi mkazi wouma mutu, ndipo pa sikimu ya mthirira kumene amagwira ntchito ku Chikwawa amamukondera pomwepo. Pulogalamu yotsegula mipope ya madzi analemba ndi iyeyo. M'mawa uliwonse amalemba mzere umodzi pakompyuta: dzina la pulogalamu, kenaka timawu totchula minda yoti imwe tsikulo.

Koma munda wa kumapeto, wa mai Clotilda, sunkamwa. Nyemba za anzawo zinali biriwiri, zawo zikufota ndi dzuwa la Okutobala.

"Iwe mwana wa Lorenso," anatero mai Clotilda atagwira m'chiuno pakhomo la ofesi, "kompyuta yakoyo ndinaitukwana liti?"

Otilia zinamupweteka, chifukwa mundawo sankaiwala kuulemba. Anafufuza masiku atatu, mpaka anapeza cholakwa mu laibulale, kachidutswa ka pulogalamu kolembedwa ndi anthu akunja, kamene aliyense amabwereka kuti kamuwerengere timawu tija. Laibulaleyo inali ndi malo amodzi okha osungira pamene yalekezera. Ikafika pakati, gawo lotumiza mauthenga kumafoni a alimi linkaibwereka, n'kufufuta zimene yasunga, n'kulembapo zake. Pobwerera, mbuliyo inkayesa kuti ntchito yatha, munda wa kumapeto isanauwerenge.

Otilia anaseka yekha. Ndani kuchigwa kuno sadziwa kuti wolima akaitanidwa asanamalize ndime yake amazika khasu pomwe walekera, ndipo mnzake salizula? Choncho anakonza kuti aliyense wobwereka laibulaleyo akhale ndi posungira pakepake, n'kupatcha dzina loti ndime. Zimene anakonzazo anazitumizanso kwa eni laibulale. Iwo anathokoza, koma anapempha kuti dzinalo likhale la Chingerezi. Otilia anakana kwamtuwagalu, anawalembera za khasu lija, ndipo eniakewo anagonja akuseka.

Komabe kugonjetsa anthu akutali sikumwetsa nyemba. Lachisanu m'mawa analemba mzere wake, n'kupalasa njinga mpaka kumapeto kwa sikimu. Anapeza mai Clotilda ataima kale pamenepo, osamuyang'ana n'komwe.

Mpope unatsokomola kawiri, n'kukhala chete. Kenaka madzi anabuluka, akuthamanga m'mizere. Mai Clotilda anavula patapata, n'kulowa m'matopemo akuimba nthungululu. Otilia anasangalala mpaka misozi.

"Nditseke nthawi yanji, amai?" anafunsa.

"Usathamange," anayankha mai Clotilda. "Zileke zimwe a lero, a dzulo ndi a dzana omwe."