Zithunzi za Mwana Wanga Wotupikana

Chaka chimene nyanja ya Chiuta inaphwa mpaka mabwato kugona pamatope, mwana wanga wachiwiri anatupikana. Bambo ake anali msodzi, ndiye nsomba zitasowa tinkadya madeya ndi nyika zokumba m'dambo. Anayamba kutupa mapazi, kenaka masaya, mapeto ake khungu la m'ntchafu linayamba kusendeka ngati wapsa ndi madzi otentha.

Ndinamubereka n'kupita naye kuchipatala chaching'ono cha kwathu ku Chikweo. Ndinapezako anesi ochokera ku Ntaja, mayi wamfupi womanga mpango kumutu, wolankhula motsitsa. Atamupima anati kutupako akukudziwa, koma zilondazo zikuwakayikitsa.

"Mayi, kutauni kuli adokotala a ana. Ndikufuna aone khunguli. Mundilole ndimujambule?"

Mtima unakana. Zilondazo zinali malo obisika, mwanayo wamkazi. Masiku amenewo zithunzi za ana anjala zinkayenda m'mafoni, anthu n'kumaonetsana pamsika.

"Iyayi, anesi," ndinatero. "Mawa ndidzapeze mwana wanga ali maliseche pafoni ya wakabaza?"

Sanakwiye. Anandikhazika pabenchi n'kutsegula laputopu yawo.

"Njira imene ndimatumizira ine ndi yokhoma. Chithunzi chikamachoka muno chimasokonezedwa, moti wochigwira panjira sangaone kanthu. Chimakatseguka pakompyuta ya adokotalawo basi, ndipo kiyi wake tili naye awiri okha, ine ndi iwowo."

Sindinamvetse zonse, koma ankandiyang'ana m'maso polankhula. Ndinavomera. Anajambula zilonda zokha, nkhope ataiphimba ndi chitenje changa.

Pachipatalapo netiweki inkavuta, choncho tinapita pachulu cha kuseri kwa bwalo la mpira. Ndinawatsatira dala, ndinkafuna kuona ndi maso anga. Anakhala pansi, laputopu pamiyendo, n'kulemba mawu achinsinsi. Pagalasi panatuluka kamzere koyenda ngati nkhono. Katafika pakati kanaima. Anayambiranso. Kanaimanso. Unali mwezi wa Ramazani, iwo atafunga, osadya osamwa, milomo itauma gwa, dzuwa lili paliwombo.

Dalaivala wa galimoto yobweretsa chiponde cha ana odwala anatipeza pamenepo.

"Asisi, mukudzizunziranji? Ingoponyani pagulu lathu la pafoni lija, pompano zafika."

"Achimwene, pagulu paja pali maso angati? Mayiwa ndawalonjeza."

Dalaivalayo anaseka n'kuvula jekete, n'kuitambasula pamwamba pawo kuti galasi lizioneka. Anaima choncho mpaka kamzere kaja kanafika kumapeto. Anesi sanadzuke msanga. Anayamba alowa m'kompyuta yakutaliyo kukaona ngati zithunzi zafika zathunthu, kenaka anathokoza Mulungu, anati, "Alhamdulillah."

M'mawa mwake anabwereranso pachulu paja kukakoka yankho kudzera njira yomweyo. Adokotala analemba kuti zilondazo zalowa matenda, mwanayo ayambe jakisoni pompo ndipo apite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo. Tisanakwere galimoto, anesi anandiitana, n'kufufuta zithunzi zija m'laputopu mwawo ine ndikuona, chimodzichimodzi.

"Zatsala kwa adokotala okha," anatero. "Pitani bwino, mayi."

Tinakhalitsa kuchipatalako. Kutupa kunaphwa, mwana n'kutsala mafupa okhaokha, ndipo ndinalira poganiza kuti zaipiraipira. Achipatalawo anandiuza kuti ndiko kuchira kwake. Titatuluka sitinabwerere ku Chikweo, kunalibe chokadya. Tinakakhala kwa achemwali anga ku Ulongwe, mbali ya Balaka, amene ankagulitsa zigumu pamsewu. Pomwe ndinkabwerera kwathu mvula itagwa, anesi aja anali atasamutsidwa, ndipo sindinawaonenso kuti ndiwathokoze.

Ku Ulongweko n'kumene mwanayo analankhulanso, atakhala chete nthawi yonse ya matenda. Tinali pakhonde, minibasi zikuimba mahutala, iye n'kundikoka chitenje.

"Amayi, chigumu chija n'chandani?"

Achemwali anasiya makasitomala ali chiimire, n'kuthamanga kudzamunyemera.