Ndinagumula munda wa mwana wanga ndi chala chimodzi

“Kodi chinali chanu chimenechi, abambo a Tadala? Munafunsa ndani?”

Anandikalipira choncho ndi akazi anga, pakhonde, anthu ochokera kudimba akumva. Ine ndinawaposa mawu, monga ndimachitira, kuti pakhomo pano wodziwa kompyuta ndine. Koma inu owerenga, wolakwa ndinali ine, ndipo ndikulemba kuti wina asabwereze uchitsiru wangawu.

Mwana wathu Tadala anagwa pa njinga yamoto ya kabaza akuchokera ku Lobi, mwendo n’kuthyoka pawiri. Anzake anapita ku koleji, iye n’kutsala pamphasa ndi chikhakha chofika m’ntchafu. Kuseka anasiya, kudya kunali kochita kumukakamiza. Atsibweni ake, alamu anga amene amagwira ntchito ku Joni, anamutumizira kakompyuta kogwira m’manja kosewerera magemu, kokhala ndi mabatani uku ndi uku. Kanabwera ndi sisitemu ya Linux. Sisitemu ndi pulogalamu yaikulu imene imayendetsa zonse m’makinamo.

M’kakompyutamo Tadala anatsegula munda mu gemu ina ya ulimi. Ankalima, kumanga makola, ndipo ng’ombe zake anazitcha maina a anzake amene anagona nawo m’wodi. Kamunthu kake kankathamanga m’mundamo pamene iye ngakhale kubafa sankafika popanda ndodo. Nyengo yonse yachisanu anathera pamenepo, mpaka tinayambanso kumumva akuseka.

Ine zinkandinyansa. Kutayipa ndinaphunzirira pa ofesi ya parishi, ndipo chimene ndimadziwa ndi sisitemu ya Windows basi. Linux ndinaigwira kamodzi, sindinaone pomwe zinthu zili, ndiye ndinagamula kuti ndi yachabechabe. Pakamwa ndinkati mwanayu aphunzire kutayipa makalata m’malo moweta ng’ombe zabodza. Zoona zake, mnzanga wina amene timagulitsa naye kachewere anandiuza kuti gemu ya mpira imene ndinkailakalaka imakana pa Linux.

Akazi anga anati ndiyambe ndafunsa mwini wake, apo ayi ndiwaimbire achimwene awo. Pamenepo ndiye anandiyatsa moto. Ine ndine mkamwini, ndimakhala kwawo kwa akazi, ndipo nkhani iliyonse ya ana anga imathera pa mawu akuti funsani atsibweni. Ndinadzilonjeza kuti pa za kompyuta zokha sindigwadira munthu.

Tsiku limene Tadala anapita ndi amayi ake kuchipatala kukaonetsa mwendo, ndinatenga kakompyutako ndi fulashi yoikira Windows, yobwereka kwa mnzanga uja. Makina anandifunsa ngati ndikufuna kufufuta zonse. Sindinganame kuti sindinamve, Chingerezi ndimachidziwa. Ndinkadziwanso kuti masisitemu awiri amatha kukhala pamodzi munthu ukafatsa, koma kufatsa si mbali yanga. Ndinadina.

Zimene zinatsatira, inu owerenga, n’zokwiyitsa mpaka lero. Zilembo zinatuluka ting’onoting’ono ngati nyerere, ndipo chala changa chinkadina ziwiri nthawi imodzi. Mabatani ena anangoti zii, akufuna mapulogalamu a pa intaneti. Kwathu kuno netiweki timaipeza pamwamba pa chulu cha kuseri kwa khola. Ndinaima pamenepo mphepo ikundimenya, bandulo n’kutha, batire n’kutsika, mpira osauona ngakhale chithunzi chake.

Tadala atabwera anapempha kakompyuta kake. Anafufuza, kufufuza, nkhope ikusintha. Popeza intaneti kuno ndi yovuta, munda wonse unkasungidwa m’makina momwemo, kwina kulikonse kunalibe. Sanalire. Anangondifunsa motsitsa:

“Ababa, ng’ombe zanga zili kuti?”

M’malo mopepesa ndinamuuza kuti ng’ombe zenizeni zili m’khola, zinazo aiwale. Ndi pamene amayi ake anandikalipira paja. Tadala anakwawira pamphasa yake, n’kutembenukira kukhoma, monga ankachitira masiku oyamba aja. Chakudya chamadzulo anachikana. Ndinaona kuti ndamubwezera kumene tinamuchotsa movutikira, ndipo ndinachita mantha.

Choncho ndikukuuzani, makamaka abambo anzanga amtima wapachala. Posankha sisitemu ya kakompyuta kotere musayambe ndi funso lakuti ine ndimadziwa iti. Funsani amene amakagwira tsiku ndi tsiku, muone magemu amene amasewera, muganizenso za magetsi a sola ndi netiweki ya kwanu. Windows si yoipa, Linux si yoipa, koma imene ikuyenda bwino m’manja mwa mwini wake isiyeni. Mukati musinthe, sungani kaye zake pena. Ndipo mkwiyo wanu ndi alamu anu musaulipitse mwana.

M’mawa mwake ndinakwera pachulu paja chifunga chisanachoke, n’kuimbira alamu. Anandinyoza mokwanira. Atatopa anandifotokozera kabwezeretsedwe ka Linux, koma anandiuziratu kuti mundawo ndiye wapita. Ndinapalasa njinga mpaka ku Lobi kumene intaneti imagwira, ndipo ndinatsata zonse zimene ananena osadumpha.

Nditabwerera ndinakhala pansi pafupi ndi mphasa ya Tadala, n’kumuuza kuti ndinalakwa, ndiponso kuti chimene ndinkafuna chinali mpira, osati makalata. Anatsegula gemu yake. Panali thengo lokhalokha, miyala ndi zitsa, khola palibe. Analiyang’ana nthawi yaitali, kenako anandibwezera kakompyutako.

“Mwagumula ndinu. Yambani kuzula zitsa.”

Anandionetsa batani la khasu. Ndinakhala pamenepo kuzula zitsa mpaka batire linatha, iye akundidzudzula nthawi iliyonse imene ndalasa padera.