Filimu Imene a Dismas Anaipachika M'mapira

Ku Kavalamanja kulibe amene sadziwa a Dismas, koma mukafunsa ntchito yawo anthu amayamba aseka kaye. Ntchito yodyera ndi yosoka maukonde ndi kumata mabwato ong'ambika, ndipo amaigwira ngati munthu wokakamizidwa. Ntchito ya mtima wawo ndi ya Loweruka masana, m'kanyumba ka vidiyo ka amayi Alzira, pamene amakhala pa mpando wa ndalema pafupi ndi TV n'kumamasulira anthu mafilimu a makauboyi.

Ali mnyamata anakagwira ntchito ku Kabwe, yosesa m'nyumba ya kanema ndi kuunikira anthu mipando ndi tochi. Chingerezi chawo anachitola kumeneko, ndiye ndi Chingerezi cha anthu okwera akavalo. Kulamula munthu kuti akweze manja amatha bwino kwambiri, koma kufotokoza mutu ukawapweteka kuchipatala amafuna wowathandiza. Nyumba ya kanema itatsekedwa anabwerera kumtsinje ndi chipewa chachikulu chokha, nakwatira Serafina, mkazi amene mpaka lero amati makauboyi ndi amuna aulesi osowa minda.

Mpando wa ndalema uja si wa kumasulira kokha. Filimu ikatha anthu sanyamuka, amadikira a Dismas atchule nsomba yake. Akati mcheni, ndiye kuti filimuyo ili ndi mano, yaluma mtima, ndipo idzaonetsedwanso. Akati pende, ndi yabwinobwino, yoonetsa alendo. Koma akati mlamba, zathera pomwepo. Amayi Alzira amatulutsa disikiyo, kuimanga ku kachingwe, n'kukaipachika m'munda wa mapira kuti kunyezimira kwake kuziopseza mbalame. Minda ya kufupi ndi madzi ili ndi makauboyi ambiri olendewera, onse ogamulidwa ndi pakamwa pa munthu mmodzi.

Pogamula a Dismas anali ndi mfundo zawo. Mafilimu akale a ku Amerika ankawalemekeza, koma ankadandaula kuti anthu ake amasamba kwambiri. Munthu wayenda pa kavalo m'chipululu, malaya ali mbuu, ndevu zometa, ndipo asanawombere ayambe walalikira. Mtima wawo unali pa mafilimu opangidwa ndi Ataliyana. M'menemo muli thukuta, ntchentche pankhope, fumbi la ngati Okutobala wa ku Feira, nyimbo ya likhweru, ndi amuna oyang'anitsitsana osaphethira mpaka woonera aiwale kupuma. Onsewo ankabwera olankhula Chingerezi, choncho mpando unali wa a Dismas popanda wolimbana nawo.

Madisiki ankabwera ndi mlamu wawo Luciano, mwamuna wa mlongo wawo Emelina. Luciano ndi wa tsidya lija la mtsinje, wamalonda a nsomba zouma ndi zitenje, ndipo akafika ku Tete amafufuza m'milu ya madisiki akale amene anthu a mafoni sawafunanso. Ndi munthu wofatsa, wokhala kumbuyo pafupi ndi chitseko. A Dismas ankamukonda monga momwe munthu amakondera wom'nyamulira katundu.

Tsoka linabwera mapira akucha. Luciano anabweretsa disiki yopanda dzina, yongolembedwa chithunzi cha chipewa ndi cholembera chakuda. Itayamba, anthu ake analankhula Chitaliyana chokhachokha. A Dismas anakhosomola n'kuyamba kupeka.

“Uyu akuti, kweza manja, nikuwombera manje manje.”

Pa TV munthu uja anatunga madzi n'kupatsa mnzakeyo kuti amwe. Anthu anaseka. Kumbuyo Luciano ananena motsitsa mawu kuti awiriwo ndi pachibale, ndi okumba zitsime, ndipo wamkuluyo akuti imwa, mng'ono wanga. Kunapezeka kuti Luciano anakulira pa mishoni ya ansembe a ku Italiya, ndipo zimene sanatole kwa iwo Chipwitikizi chimam'thandiza. Zaka zonsezi sananene, chifukwa palibe anam'funsa.

A Lovewell, msodzi amene pakamwa pake sipatseka, anati, “A Dismas, lekani alamu anu akambe, ise timveko.”

Luciano anamasulira ali chiimire pachitseko. Ndipo anamasulira bwino, ndicho chinawawa. Ankasintha mawu: mkulu wa ng'ombe amene ankalanda zitsime anam'patsa mawu a m'mphuno, mng'ono uja mawu onjenjemera. Ankadziwanso pokhala chete kuti likhweru limveke. Serafina, amene amangofika pakhomo kudzagulitsa zitumbuwa n'kubwerera, anatula beseni pansi nalowa. A Dismas anamuona akuseka, kenako anamuona akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Zaka zonse za ukwati wawo mkaziyo anali asanakhalepo pansi kumvetsera iwo akumasulira. Nsanje inawakwera.

Choipa kwambiri n'chakuti filimuyo inali yokoma kuposa zonse zimene anaonapo. Ankadana nayo uku maso ali pa TV. Kenako inafika pamene mkulu wa abale aja ali pansi pa chitsime chakuya, moyo wake uli pa chingwe chimene mng'ono wake wagwira pamwamba. Mkulu wa ng'ombe uja anafika, naloza kavalo woyera ndi nyumba ya pamtunda, nauza mng'onoyo kuti zonsezo n'zake akangotaya chingwe. Zala za mnyamatayo zinayamba kumasuka chimodzichimodzi. Pomwepo TV inathima. Kunali mitambo kuyambira m'mawa, ndipo batire ya sola inali itatha.

Anthu anadandaula. Amayi Alzira anati asade nkhawa, dzuwa likawala adzaimaliza mawa potuluka kutchalitchi. A Dismas anaona m'maganizo tsiku la mawalo bwinobwino: anthu odzaza, Serafina kutsogolo, nkhope zonse zitatembenukira kuchitseko.

“Osavutika na batire,” anatero. “Ni mlamba.”

Chiyambire palibe filimu inagamulidwa isanathe.

“Mulamu, simunaone pothera,” anatero Luciano.

“Nakula nikuona mafilimu, mulamu. Vimene naona vakwana. Makauboyi okumba vitsime? Ni mlamba chabe.”

Amayi Alzira anawayang'ana nthawi yaitali. Koma lamulo linali lamulo, ndiponso mbalame zinali zitavuta chaka chimenecho. Anatulutsa disiki ija n'kuitumiza kumunda. A Dismas anapita kunyumba mapewa ali m'mwamba. Mawu awo anali akadali ndi mphamvu, mpando unali ukadali wawo.

Chisangalalocho sichinafike patali. Akasoka ukonde, ulusi m'manja mwawo unkawakumbutsa chingwe chija. Kodi mnyamatayo anataya? Ngati anataya, mkulu wakeyo anafera m'chitsime, kapena anakwera ndi zikhadabo kudzabwezera? Anasoka maso a ukonde molakwika mpaka mwini wake anadandaula. Anayesa kudzipekera mathero, koma onse ankatuluka ngati a ku Amerika, osamba kwambiri. Kufunsa Luciano sakanatha, bola kumira. Anthu a mafoni nawo sakanawathandiza, poti filimu yopanda dzina uifunafuna bwanji?

Serafina sanawanyoze, ndipo kusanyozako kunawawa kuposa. Tsiku lina akutsuka mbale anangoti, “Atate a Helena, mulamu wanu ali na mphatso, ayi?” A Dismas anayankha kuti mphatso ya Luciano ndi kununkha nsomba zouma. Mkaziyo anapitiriza kutsuka, akuimba ka likhweru ka mufilimu muja.

Atalephera kupirira, anapita kumunda wa amayi Alzira dzuwa lili pamutu, poganiza kuti anthu onse ali pamthunzi. Anayenda pakati pa mapira akuyang'ana madisiki amene iwo omwe anawagamula, mpaka anaipeza ya chipewa chakuda. Anaimasula n'kuibisa m'malaya. Anaiwala kuti mapira akamacha m'munda simusowa munthu. Amayi awiri oingitsa mbalame anali pa nsanja, ndipo anaona zonse. A Dismas asanafike pamsewu, nkhani inali itafika kale kudooko.

Anakagogoda kwa amayi Alzira n'kunena kuti akufuna kuonetsetsa ngati sanalakwitse pang'ono. Amayiwo sanaseke. Anaipukuta disikiyo n'kuilowetsa m'makina. Inazungulira, inalira ngati nyenje, n'kutuluka yokha. Dzuwa la ku Luangwa silisewera. Linali litaipinda, ndipo kunsi kwake kunali kutasupuka.

“Yafa iyi, a Dismas,” anatero amayi Alzira. “Mwaipha mweka.”

Loweruka lotsatira kanyumba kanadzaza kuposa masiku onse, ena ataima pawindo. A Dismas anafika msanga n'kukhala pa mpando wawo, chipewa chili pa bondo. Amayi Alzira sanayatse TV. Anati popeza aliyense akufuna kudziwa za chingwe chija, ngakhale ena amene anati ndi mlamba, ndipo popeza amene anaonera mpaka pothera ku Tete ndi Luciano yekha, lero filimu ikhala ya pakamwa.

Luciano anakana kaye, akuyang'ana mlamu wake mwamanyazi. Anati sakufuna kukhumudwitsa munthu, ndipo ngati a Dismas sakufuna, iye sakamba. Maso onse anatembenukira ku mpando wa ndalema. A Dismas anadziwa kuti akangopukusa mutu, Luciano akhaladi chete, mpando utsala wawo, ndipo za chitsime chija adzapita nazo kumanda osazidziwa.

“Kambani, mulamu,” anatero a Dismas.

“Nkhani ni itali,” anatero a Lovewell. “Munthu sangakambe choimirira kumbuyo uko. Ise tizamvera bwanji?”

A Dismas anakhala kanthawi atagwira mikono ya mpandowo, kenako ananyamuka. Malo okha otsala anali pa benchi, pakati pa a Lovewell ndi Serafina. Luciano anakhala pa ndalema paja mosamala, chakumapeto kwenikweni, nayamba kufotokoza za zala za mnyamata uja ndi mawu onjenjemera aja.

A Dismas anamuda mlamu wawo ndi mtima wonse pa nthawi imeneyo. Anada mawu ake, anada kufatsa kwake, anada ndi mmene Serafina anatsamira kutsogolo. Koma a Lovewell atayamba kunong'ona kuti iwo akuganiza kuti mnyamatayo ataya, a Dismas anawagunda ndi chigongono.

“Khalani chete imwe,” anatero. “Sinikumva.”